Panelo ya Achimwene

14 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Bambo mapapo ndiwo atopa, koma makutu akadali a mnyamata, ndipo khoma la chipinda chawo silisunga mawu. Ndikamaliza ndiijambula n'kukutumizirani.

Panelo ya sola munatumiza ija inafika bwino, zikomo kwambiri. Inafika ine ndili kutali pa ulendo wa ntchito, ndipo Bambo sanathe kudikira. Anaitanitsa wamagetsi wa pamsika uja, iye n'kuilumikiza mumzere umodzi ndi mapanelo amene ndinaika chaka chatha. Ndinapeza ili kale padenga.

Achimwene, werengani modekha, sindikunyoza mphatso yanu. Mukudziwa kuti magetsi a kuno ndi mlendo, choncho makina a mpweya a Bambo amadalira mabatire. Mu inveta, bokosi lija lolandira magetsi a mapanelo n'kudzazitsa mabatire, muli kaubongo kamene tsiku lonse kamasakasaka pamene mapanelo akupereka mphamvu yochuluka. Kamasuntha pang'ono, mphamvu ikakwera kamapitirira, ikatsika kamabwerera. Kali ngati munthu wokwera phiri mu nkhungu, wongodalira mapazi. Mapanelo akakhala ofanana, phiri limakhala limodzi. Koma yanuyi ndi yaing'ono, ndipo ikupanikiza inzake ngati paipi yopyapyala pakati pa mapaipi aakulu. Tsopano pali phiri ndi chulu, ndipo kaubongo kaja kakakwera pachulu kamaima pomwepo, kuyesa kafika pamwamba. Mainveta atsopano amayamba ayendera ponseponse asanasankhe poima. Yathuyi ndi yakale, siidziwa zimenezo. Ndafufuza m'buku lake mpaka maso kuwawa.

Ndiye dzuwa likumalowa mabatire asanadzaze. Lachiwiri m'mawa, ndikutereka madzi osamba, ndinamva makina akulira, kenaka zii. Ndinapeza Bambo atakhala m'mphepete mwa bedi, kukamwa kuli yasa, akukoka chingwe cha m'mphuno ngati chapindika penapake. Ndinathamangira silinda ya mpweya imene timasungira pangozi, n'kuwalumikizira. Anapuma. Koma silinda yatsala pang'ono, ndipo kodzazitsa akuti tidikire.

Palinso china. Panelo yanuyo yayamba kuderako pakona. Ndinaikhudza masana, sindinathe kusiyapo dzanja. Pansi pake penipeni ndi pamene pali bedi la Bambo ndi silinda.

Mufunsa kuti bwanji sindikungoichotsa. Inveta ili m'khonde moyang'anana ndi chitseko chawo, ndipo Bambo amaionerera ngati dashibodi ya lole yawo ija. Chiikireni panelo yanu, nambala yapamwamba, ya mavoti a magetsi, inakwera.

"Injiniya," anatero, "taona singano yakwera. Mlongo wako sagula zachabechabe."

"Bambo, amenewo ndi mavoti chabe. Mphamvu ndi nambala yapansiyo, ndipo yatsika. Zili ngati lole ili pa giya yolakwika: injini ikubangula koma katundu sakuyenda."

"Undiphunzitse giya iweyo? Unabadwa ndili kale pamsewu. Ndinakutumiza ku koleji kuti uzidzanyoza za mkulu wako?"

Anafuna kupitiriza, chifuwa n'kuwagwira. Anatsokomola mpaka milomo kuda. Atapeza mpweya anangoti, "Udzaichotse ine nditapita."

Anamwino obwera kudzawaona aja anandikokera kukhitchini. "Chemwali, za mawaya ine sindidziwa, koma musawakwiyitsenso. Mtima umenewu sungapirire kawiri."

Ndiye onani pamene ndaima. Ndikaisiya paneloyo, makina adzazimanso, kapena denga lidzayaka. Ndikaichotsa mobisa, nambala itsika ndipo Bambo aona asanamwe n'komwe tiyi. Pakadali pano ndazimitsa firiji, ndawanamiza kuti yawonongeka. Ndimapukuta mapanelo ndisanapite ku ntchito. Ku ofesi anzanga akundiseka kuti ndasanduka wolosera zanyengo, chifukwa kamtambo kakangodutsa ndimaimirira pawindo. Mitambo yayamba kuchuluka, Achimwene.

Pempho langa ndi ili. Aimbireni, muwauze kuti a kusitolo anakupatsani panelo yosayenera kusakanizidwa ndi zina, ndipo inuyo mukufuna iikidwe payokha, ndi kabatire kake, kuti iziyatsa wailesi yawo. Si bodza lalikulu, ndipo idzagwiradi ntchito bwino motero. Zikachokera kwa inu adzamva, mwinanso adzandikalipira kuti ndinachedwa kuona. Ndilola. Musatchule kuti ndalemba. Chonde imbani Loweruka lisanafike, chifukwa tsiku limenelo ndikwera padenga, mwaimba kapena simunaimbe, ndipo sindikudziwa chimene ndikapeze ndikatsika.

Pa foni amakuuzani kuti ali bwino. Amayamba apuma kaye nthawi yaitali asanayankhe, ndipo mukadula amagona masana onse. Tchuthi chanu chija, ngati abwana anu angalole kuti chibwere kufupi, musadikire.

Moni kwa alamu, muwauze kuti juzi inawakwana Bambo, ngakhale tsopano ikuwakulira m'mapewa. Moni kwa ana. Azakhali akupereka moni. Bambo nawo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni tikadzalankhulana. Anati, "Umuuze mnyamatayo kuti..." n'kuima kuti akoke mpweya. Ndinadikira. Anangokweza dzanja kuti adzanena okha.

Ndine mlongo wanu,
Wamantha uja