Bokosi Limene Silinakwere Sitima

Okondedwa amalume a Wing-Kei,

Ndikhulupirira muli bwino kumudzi ku Toisan, ndipo bondo lija lapola. Kuno kutsidya la nyanja ku Sacramento tilipo.

Loweruka ndinali ku chionetsero cha kuyunivesite. Mphunzitsi wina amafotokoza mmene kale ankafukulira mafupa a anthu athu ofera kuno, n'kuwatsuka, n'kuwatumiza kwawo m'mabokosi pa sitima ya pamadzi. Kenako anatisonyeza mabokosi amene anatsalira padoko. Pa limodzi panalembedwa dzina la agogo anu, a Bing-Fai, ndi mudzi wathu.

"Mayi," anatero mphunzitsiyo. "Achibale?"

Ndinafunsa ngati m'bokosimo muli kanthu. Anati silinatsegulidwepo, koma n'lolemera.

Amalume, manda a agogo anu mumasesa chaka chilichonse aja, alipo anaona zimene anaikamo? Amayi musawauze kaye. Ine ndayamba kuika mbale ina patebulo, ya a Bing-Fai.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Siu-Ling