Chikhatho cha mkamwini wa makompyuta

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Pfupajena tilipo, kupatula mwendo wa bambo uja.

Nkhani ndi ya mchemwali wanu Esinati. Mnyamata wake Tawanda, amene anaphunzira za makompyuta ku Kadoma, anabwera Loweruka kudzaonekera. Bambo atamupatsa moni, dzanja sanalisiye. Analitembenuza n'kuyang'ana chikhatho.

"Chofewa ngati buledi! Umagwira ntchito yanji?"

"Ndimapanga mapulogalamu a pakompyuta, baba, ndili kunyumba."

"Utakhala pansi? Osatuluka thukuta? Ife kumgodi munthu wokhala pansi tinkati akudwala. Mwana wanga sadya mabatani!"

Esinati analira mpaka maso kutupa. Tawanda, pofuna kusangalatsa apongozi, anapita ku Muzvezve kukalima munda wa bambo. Wabwerako ndi matuza manja onse. Bambo akondwa, akuti uyu ndiye mkamwini. Koma zala zatupa, kompyuta sakutha kuigwira, ndipo abwana ake akuopseza kumuchotsa ntchito.

Chonde aimbireni foni bambo, inu amakumverani. Muwauze kuti mabataniwo ndi amene amagula ufa, tisanatsale ndi mkamwini wa matuza okhaokha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Joisi