Mphatso Yochokera pa Foni ya Ramazani

Lolemba, 3 Malichi

Pa lanchi Ramazani, mnzanga wa kuweyahausi kuno ku Joni, wandiikira gemu pafoni. Ya tizilombo. Umayenda mumsewu, kachilombo n'kutulukira pa sikirini, iwe n'kukagenda ndi kampira. Kakalowa, ndi kako. Kenako umakamenyanitsa ndi ta anzako. Ine, bambo wa ana awiri ku Ntcheu!

Akuti gemuyi ndi yakalekale. Iye anayamba ali mwana ku Mangochi, pa kamakina komwe amalume ake anabwera nako kuchokera ku Joni. Tizilombo tachuluka zedi, koma tonse amatidziwa mayina. Ine ndasankha kabuluzi kolavula moto.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndagwira tambiri, koma makoswe ndi mbalame zokhazokha. Ramazani kuseka: "Thom, zinyalala izi!" Supavaiza wandipeza kuseri kwa mapaleti a katundu, wandinyoza mu Afrikaans. Ndewu yoyamba mugemu: kabuluzi kanga akathira madzi, kagwa pompo. Zandiwawa, zamanyazi.

Tsopano ndife mafrendi mugemu. Tsiku lililonse amanditumizira mphatso yokhala ndi chithunzi cha malo amene waitola.

Loweruka, 8 Malichi

Magazi akadali m'zikhadabo.

Tinaweruka masana, wapansi kuchoka ku Montague Gardens kupita ku Dunoon. Ramazani anaima. Akuti kachilombo kosowa katuluka kuseri kwa mlatho, kamene wakasaka zaka. Ndinati tiye. Anati pang'ono chabe.

Anyamata atatu. Kumene anachokera sindinaone. Njerwa pakhutu, ine pansi. Ramazani anakana kusiya foni. Mpeni kawiri, m'mimba ndi m'nthiti. Sanakuwe, anangokhala pansi ngati watopa. Ndinatsindira bala ndi jekete ya ntchito mpaka inalemera. Magalimoto kumangodutsa. Mayi wina wa pikapu ndi amene anaima.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuchipatala. Ramazani mapaipi m'mphuno, salankhula. A Hashim, akulu ake, abwera kuchokera ku Parow. Sanalire. Anangoti, "Nkhope munaziona?" Sindinazione. Kupolisi atipatsa nambala ya kesi, basi. Khutu likungolira.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndatsegula gemu, sindikudziwa chifukwa chake. Mphatso. Yochokera kwa Ramazani, ya lero lomwe. Mwiniwake ali chigonere, foni yake ikusewera.

Chithunzi chake: khoma labuluu la tchalitchi, lojambulidwa nkhunda, pafupi ndi renki ya maminibasi. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse. Ndawaonetsa a Hashim. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako ayamba kuimbira anthu.

Loweruka, 15 Malichi

Mphatso ina yabwera. Khoma lomwelo. A Hashim akuti tipiteko mawa.

Lamulungu, 16 Malichi

Tinali asanu. Dzuwa lili pamutu, anthu akutuluka m'tchalitchi. Mwamuna wa jekete yachikasu atakhala pa kreti, chala chikuzungulira pa sikirini mmene timagendera kampira. Kava wa foni wobiriwira, wong'ambika pakona. Wa Ramazani.

A Hashim sanafunse kanthu. Chitsulo paphewa, munthu pansi. Anthu anathamangira akufuula "isela! isela!", wakuba. Miyala, zikoti, nsapato zopitira kutchalitchi. Ine ndinamuponda kumaso. Osati kamodzi. Mano mufumbi. Ndilembe zoona, ndinamva kukoma. Wina anabwera akugubuduza tayala.

Ndiye womenyedwayo anakuwa. "Mayo ine! Ndinagula! Ndinagula pa renki, abale anga!"

Chichewa. Chakwathu chenicheni.

A Hashim anauma, chitsulo chili m'mwamba. Asanufe tinasiya. Enawo sanamve zimene amanena, sanasiye. Ndinayesa kumukoka mwendo, wina anandimenya chibakera pakamwa. Vani ya polisi inafika petulo asanabwere.

Nsapato ndazitsuka kangapo. Sindinadye.

Lolemba, 17 Malichi

Uthenga pa gulu la pafoni la Amalawi, ndi chithunzi cha munthu uja akumwetulira. Dzina lake Overtone. Wa ku Balaka, anafika Januwale, amatsuka magalimoto. Foni anagula Lachitatu kwa munthu wa pa renki. Gemu anaipeza momwemo, ankangoyesa, sankadziwa n'komwe kuti mphatso zimapita kwa ndani. Wachilendo ngati ine. Diso limodzi latheratu. Amugoneka chipatala chomwechi, wodi yapansi.

A Hashim foni yawo ndi yothimitsa.

Ramazani watsegula maso lero. Anandigwira dzanja, mawu ngati a mwana. Anafunsa ngati foni yapezeka. Ndinati eya. Anamwetulira, n'kufunsa kuti tinaipeza bwanji. Ndinati apume kaye.

Mkazi wa Overtone ali pa benchi ya pakhomo, mimba yaikulu. A Salome. Aliyense amene amumva akulankhula Chichewa akumuimitsa, kufunsa ngati anaona amene anachita zimenezi. Polowa anandiimitsa inenso. Anaona mlomo wanga wotupa, anati, "Pepani achimwene, nanunso akumenyani?"

Ndikulemba ndili m'kholido. Nthawi yoona odwala yatha, alonda akutulutsa anthu. Khomo ndi limodzi lokha. A Salome akadali pomwepo, ndipo andiona, akuimirira.