Kambale ka Kotone

Okondedwa achemwali anga a Shizue,

Ndikhulupirira chisanu cha ku Aomori sichikukuzunzani. Kuno ku Kobe tili bwino, tingotero.

Ndinamugulira Kotone, mwana wa amuna angayu, kabokosi kopangira tizakudya tamasewera, kaja ka maufa osakaniza ndi madzi. Tinaumbira limodzi timaswiti tooneka ngati sushi, timibulu ta mpunga ndi nsomba tija, tating'ono ngati chikhadabo, tikuseka mpaka misozi. Titamaliza ananyamula kambale ndi manja awiri, ine n'kutambasula dzanja. Anandidutsa. Anakatula pakaguwa ka m'nyumba kokumbukirapo malemu mayi ake, n'kuliza kabelu: "Amayi, idyani, ndapanga ndekha."

Ati ndekha, achemwali! Madziwo anayeza ndani? Bambo ake anangoima pakhomo, maso ali pachithunzi cha malemuwo, kuyang'ana kumene ine sanandiyang'anepo. Munthu ungapikisane bwanji ndi chithunzi? Sichikalipa, sichipsereza mpunga.

Madzulo ndinatsitsa kambaleko monga mwa mwambo, n'kudyako kamodzi. Mwana anandipeza ndikutafuna. "A Fumie, mwadyeranji za amayi?"

Adokotala anandiuza nkhani ina Lachiwiri, koma m'nyumba muno sindinaipezere poiika. Tizovala ta khanda tija munasunga musapatse munthu, ndidzatifuna.

Ine mng'ono wanu,
Fumie