Nambala ya a Cyprian

Lolemba, 13 Meyi 2024
M'mawa kukumba mtedza, masana ku sukulu ya akuluakulu kuno ku Chiosya. Zaka 38, Fomu 4, masamu ndinalephera kawiri. Lero aphunzitsi a Cyprian analemba pa bolodi 524,287. Akuti tipeze ngati ndi pulayimu, nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Wofotokoza bwino akaimira sukulu pa mpikisano ku Boma. Anzanga anangofunsa mafoni, akuti ndi pulayimu. Yanga ndi yamabatani. Ndigawa pamanja.

Lachitatu, 15 Meyi
2 ayi. 3 ayi, manambala ake kuwaphatikiza akupereka 28. 5 ayi, 7 ayi. Ikukana zonse! Ndimagawa pansi ndi kamtengo popuma kumunda. Bambo a Enifa, amuna anga, akuti mtedza sukumbidwa ndi masamu. Koma anandibwereka cholembera chawo.

Lachinayi, 16 Meyi
47 yalowa! 11,155 ndendende. Ndiye si pulayimu, mafoni onse anama. Ndinathamangira kusukulu osasamba m'miyendo. A Cyprian anayang'ana, nati ndichulukitsenso. 524,285. Yatsala 2. Kalasi yonse kuseka. Manyazi mpaka m'makutu.

Loweruka, 18 Meyi
Dzulo sindinatsegule kope. Lero ndafika pa 311, palibe yalowa. Mantha: kodi ndigawa mpaka 524,286? Ndikalamba nayo.

Lamulungu, 19 Meyi
Nzeru zandibwerera m'tchalitchi, Mulungu andikhululukire. Nambala yogawira ikamakula, yankho limachepa. Penapake zikumana. 724 kuchulukitsa 724 ndi 524,176, pafupi penipeni. Kupitirira apo, mnzake wa nambala iliyonse ndi wamng'ono, ndipo ndinamuyesa kale. Ndiima pa 719, pulayimu yomaliza tisanafike 724! Palibe anandiuza. Nyimbo yotsekera ndinaimba mokweza kuposa akwaya.

Lachiwiri, 21 Meyi
Ndamaliza. Ndimagawa ndi mapulayimu okha, poti nambala zina zonse zimachokera mwa iwo: 128, onse akana. Amuna anga anapepeta okha mtedza, osadandaula. Ndapezanso kuti ilibe mnzake wamapasa, pulayimu ina yosiyana nayo ndi 2: kuwonjezera 2 imagawika ndi 3, kuchotsa 2 imagawika ndi 5. Ili yokhayokha.

Lachitatu, 22 Meyi
Kalasi yonse inati ndi pulayimu. A Cyprian anafunsa kuti poyesa tiimire pati, ndipo chifukwa chiyani. Ndinakweza dzanja ndekha. Choko chinathyoka kawiri, koma ndinafotokoza mpaka kumapeto. Iwo anaonjeza kuti ndi ya gulu la Mersenne: 2 kumulemba ka 19, kuchulukitsa onsewo, kuchotsa 1. Kenako anati, "Mayi Luwiza, Lachisanu muvale yunifomu yochapa."

Ine ku Boma. Kunyumba ndanena katatu, akungondiyang'ana. Siketi ili pa chingwe. Wina wa m'kalasi wandinong'oneza kuti kumeneko kumabwera ana a sukulu zogonera, akuthwa mitu, ena ang'ono kuposa mwana wanga Enifa. Abwere.