Rula Pambali pa Juzi

Lolemba, 2 Juni

Kuchoka pakhomo kukafika pamsika ndi mapazi 2,140. Ndawayenda zaka 11, chikwama cha majuzi a ana chili paphewa. Lero adokotala aliletsa bondoli ulendo umenewu. Mwana wanga wanenetsa kuti majuzi akaleka kundidyetsa, nditseke nyumba ndikakhale kwawo. Nyumba yangayi, ya mazenera 6? Tiona.

Lachitatu, 4 Juni

Kwabwera mkazi wa mwana wanga. "Amayi, msika masiku ano uli m'manja." Wayala majuzi 9 pabedi, wajambula, waponya pagulu la pafoni la amayi a kuntchito kwawo. Akuti mulimo anthu 183. Pamsika sindinaonepo oposa 20 ataima pabenchi langa tsiku limodzi.

Lachisanu, 6 Juni

Majuzi atatu apita. Wanjinga wadzatenga, malipiro alowa pafoni ine ndili khale pakhonde. Mapazi lero: 64.

Loweruka, 7 Juni

Imodzi yabwerera. Mayiyo ankayesa ndi ya mwana wa zaka 5, pomwe ndi ya khanda. Watumiza mawu pagulu: "Agogo, imeneyi ndiveke mphaka?" Aseka anthu 14, ndawawerenga. Sindimuda. Pamsika munthu amapima ndi chikhatho, pachithunzi apima ndi chiyani?

Lamulungu, 8 Juni

Zii. Ndaluka mizere 40, ndamasula 12.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndatulutsa rula yanga ya m'kalasi momwe ndinkaphunzitsa, yathabwa, yobenthuka pa 7. Ndaigoneka pambali pa juzi iliyonse, ndati tijambulenso. Apongoziwo kuseka mpaka misozi: "Amayi, mukufuna kukwapula makasitomala?" Ndati sindinakwapulepo munthu popanda chifukwa. Zithunzi 7, zokhota 2, tabwereza, taponyanso pagulu.

Lachinayi, 12 Juni

Foni yalira ndikuthirira maluwa. Mawu a mzimayi wamkulu ndithu: "Aphunzitsi! Rula ija idakalipo? Inabenthukira pa desiki yangatu imeneyo!" Ndamukumbukira: mzere wachitatu, pafupi ndi zenera, pakamwa posatseka. Pano ali ndi sukulu ya mkaka. Ana 26, onse akufunika majuzi obiriwira, ndipo miyeso wati atumiza m'masentimita, "monga munatiphunzitsira."

Masana mwana wanga waimba, akufunsa tsiku loti abwere ndi galimoto kudzandisamutsa.

Ndati abwere Loweruka, koma adzere kogula ulusi. Wobiriwira, mipukutu 52.