Kudontha ndi kudonha

Lachinayi, ku Norton. Kwatentha tsiku lonse, ndatopa.

Sopo wa lero watuluka wofewa ngati phala, thanki yonse. Kupeza chalakwika pafakitale pano ndi ntchito yanga, ndiye ndinachita za masiku onse: kubwerera m'mbuyo paipi ndi paipi, kufunsa kuti apa chachuluka n'chiyani, chachepa n'chiyani, chasoweratu n'chiyani. Mafuta analowa bwino, moto unali bwino. Soda ndiye anachepa.

Kapitawo wathu, a Moyo, anandiuza m'Chishona kuti: "Sekuru Banda vati pampu iri kudonha." Kwa Mshona kudonha ndi kugwa, choncho tonse tinamva kuti mphamvu ya pampu ya soda ikutsika. Ndinaimasula mpaka masana koma sindinaipeze ndi vuto.

Kenako ndinapita kwa a Banda eniake, mkulu amene amasesa mbali imeneyo.

"Sekuru, m'mawa munati chiyani?"

"Ndinati ikudontha, mwanangu. Bwera udzaone."

Kuseri kwa pampu simenti inali yoyera mbuu ndi soda, polumikizira paipi pakudonthabe. Mkuluyu ananena zoona, pa nthawi yake, m'Chichewa cha kukomboni komwe tonse awiri tinakulira.

A Moyo akuti madala aziyankhula zomveka.

Mawa mwini fakitale akufuna dzina la wolakwa. Ine ndatsatira chifukwa mpaka pomwe chinayambira, ndipo ndapeza chilembo chimodzi, t, chimene chinatayika pakati pa kamwa ndi khutu. Koma chilembo sachichotsa ntchito. Amachotsa wosesa.